Bambo Zikomo

Lolemba, 2 Juni

Madala, amuna anga, abwera. Nsapato avulira pakhomo, kakhadi ka m'kamera andiponyera patebulo ngati kakuwawotcha, iwo n'kulowa kubafa. Masiku onse timaonera limodzi, iwo ali pambali panga kutukwana madalaivala anzawo mmodzimmodzi. Lero ayi.

Kamerayi ndinawabweretsera ndine, nditatopa ndi nkhani zoti pamsewu aliyense ndi chitsiru kupatula amuna anga. Ndinati imateni pagalasi la lole yanuyo, zitsiruzo nanenso ndizizione.

Ndaika kakhadi m'foni. Mawu ndatseka, mutu umandiwawa ndi phokoso la makina osokera tsiku lonse. Msewu wokwera, lole yadzaza simenti, ikungokwawa. Kenako kumanja kwatulukira kagalimoto koyera, kakuwapitirira pamtunda penipeni, pamene sungaone zakutsogolo. Katangotsogola pang'ono, mahazadi aphethira kawiri, muja amathokozerana madalaivala. Pomwepo pamwamba pa mtunda patulukira njinga yamoto. Koyera kakhotera mkati koma mochedwa. Munthu wauluka mpaka m'ngalande, chipewa chake chikugudubuzika chokha patala.

Onse anaima. Akuoneka Madala ndi mwini kagalimotoko atam'nyamula wanjingayo, wina kumutu wina kumiyendo, kum'lowetsa kumpando wakumbuyo. Tiyi wanga wazizira ndili chigwirire foni.

Lachiwiri, 3 Juni

Ndalakwitsa, ndamuonetsa Wailesi vidiyo ija. Mng'ono wangayu dzinali silinam'phonye. Ukamuuza chinthu m'mawa, masana uchimva kwa wogulitsa makala.

Anabwera kushopu kuti ndim'pindire siketi. Ine ndili ndi mapini kukamwa, iye wadzitumizira kale. Wadula, waika nyimbo ya maliro pamwamba, waponya patsamba lake la pa intaneti. Walemba kuti, kamera ya alamu anga sinama.

Ndinati chotsa. Iye, "Achemwali, anthu adziwe. Mawa agunda inuyo."

Sindinalimbikire. Kunena zoona, nanenso ndimafuna anthu aone kuti amuna anga anaima n'kuthandiza.

Lachinayi, 5 Juni

Yafalikira. Makasitomala akundionetsa pafoni zawo osadziwa kuti inachokera m'manja mwanga. Mwini kagalimoto uja am'patsa kale dzina, akuti Bambo Zikomo. Wina walemba kuti, ulemu wake uwu, kugunda munthu n'kuthokoza. Ndinaseka, ndisaname.

Nambala ya galimoto ikuoneka bwinobwino, ndiye am'peza. Akuti ndi mphunzitsi, ndipo kusukulu am'uza ayambe wakhala kaye kunyumba.

Madala anthu akuwatama, ati madalaivala a lole onse akanakhala chonchi. Ndinawawerengera pakudya, ndimati asangalala. Anaika supuni pansi.

"Anakuuzani ndani kuti mupatse anthu?"

Mbale anaisiya ili theka. Munthu amene amanyambita ndi mphika womwe.

Lachisanu, 6 Juni

Wanjinga uja sanatsitsimukebe. Akuti mkazi wake ndi woyembekezera.

Loweruka, 7 Juni

Kagalimoto koyera kaima tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi shopu yanga, pafupi ndi ogulitsa utoto. Chitseko chakumanja n'chophwanyika. Pachiwongolero pali mayi, pambali pake bambo wa magalasi. Sanatsike. Sanagule utoto.

Ndasoka mkono wa diresi mozondoka, ndasula, ndasokanso mozondoka. Podzutsa mutu kachitatu ndapeza kapita.

Patsamba la Wailesi zithunzi za shopu yanga zilipo mbwee, chikwangwani chomwe. Mwana ameneyu.

Lamulungu, 8 Juni

Pofuna machesi m'dirowa ya kukhitchini ndapezamo kamera, chingwe chake atachikulunga bwinobwino. Aichotsa m'lole osandiuza.

Titangokwatirana ndinkakwera nawo maulendo ataliatali, ndipo ankandiphunzitsa zimene amazitcha chinenero cha pamsewu. Wa lole amakhala pamwamba, amaona patali, ndiye amauza wam'mbuyo. Indiketa ya kumanja, ndiye kuti usayerekeze, kukubwera chinthu. Ya kumanzere, ndiye kuti pita, njira ili bwino. Wopatsidwa njirayo akadutsa amaphethiritsa mahazadi kawiri. Ankati wosathokoza ndi wosaleredwa.

Ndakhala ndikutsuka mbale imodzimodziyo. Kenako ndawafunsa, ngati zocheza.

"Bambo, koma munthu uja ankathokoza ndani?"

"Wamisala amathokoza aliyense."

Patapita kanthawi, ali kuseri kwa nyuzipepala: "Kakhadi kaja kali kuti?"

Ndinati kali kushopu. Anati mawa ndibwere nako. Iwo anawauza kale apolisi kuti kamera yawo imadzifufuta yokha, zakale sizikhalitsa. Ine sindinadziwe n'komwe kuti anaitanidwa kupolisi.

Lachiwiri, 10 Juni

Wabwera.

Ndinali chogwada pansi kutola mapini, ndangomva pakhomo, "Zikomo, mayi." Mawu wamba, aliyense wolowa amatero. Koma ndinadziwa ndisanatembenuke.

Munthu wake wochepa thupi, magalasi omanga ndi kawaya mbali imodzi, choko chikadali m'mphepete mwa zikhadabo. Ndimayembekezera chilombo. Anatulutsa buluku lakuda m'pepala.

"Mundichepetsereko m'chiuno. Layamba kundikulira."

Ndinatenga tepi. Nambala sindikuziona. Iye wakweza manja ngati mwana womvera, maso ali kudenga.

"Ndilifuna Lolemba m'mawa. Ndili ndi kokaonekera."

Sindinafunse kuti. Tonse tikudziwa kuti ndi kukhoti. Ndikulemba muyezo pakapepala, anati, motsitsa, "Mayi, kamera ija imangoona, kapena imamvanso?"

"Ine za makamera sindizidziwa, bambo."

"Chabwino. Ndangofunsa, poti paja anaikapo nyimbo."

Anatuluka chobwerera m'mbuyo, akupinda mawondo pang'ono. Akanandilalatira bwenzi zili bwino.

Kakhadi sindinapite nako kunyumba dzulo, lero sindipitanso nako. Ndati ndaiwala.

Lachitatu, 11 Juni

Ndatseka shopu masana, ndakoka katani, ndavala zam'makutu. Koyamba kuonera ndi mawu.

Injini ikubuula. Kumbuyo hutala, pii, pii, osaleka. Madala atsonya. Hutala kachiwiri. Ndiye kenako kaphokoso kakang'ono pansi pa injini, tha, tha, tha, tha. Wina sangakamve. Koma ine makutu anga anakulira pamakina, ulusi ukangotsala pang'ono kuduka ndimamva. Ndi indiketa.

Ndinadziuza kuti mwina ndi ya kumanja. Zonse zimalira chimodzimodzi. Ndiye ndamva mawu awo, aja amalankhula akakwiya, osatsegula mano.

"Ukuthamangira kuti iwe? Pitatu. Pita ukaone."

Kagalimoto koyera n'kutulukira kumanja.

Ndakhala pampando wa makina osapalasa. Ndikuopa. Sindikudziwa ngati ndikuopa wa magalasi uja kapena amene ndikagone naye chipinda chimodzi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndawauza Madala kuti ndamva. Ndinasankha nthawi imene amapukuta nsapato, kuti maso akhale pansi.

"Inali ya kumanja."

"Nanga pita ukaone?"

Burashi inaima. Ndimati akalipa, koma ayi. Analankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga. Akuti indiketa si lamulo, m'buku la malamulo a pamsewu mulibemo zimenezo, ndi ulemu chabe wa madalaivala. Wopitirira ndiye amayenera kuona yekha. Akuti munthuyo anawamatirira kumbuyo kuyambira pamlatho, hutala osapuma, ndiye anangofuna kuti achoke, akachite mantha pang'ono pamtundapo.

"Njinga ija sindinaione. Mulungu akundimva."

Apo ndikuwakhulupirira. Sanaione chifukwa pamenepo palibe amene akanaona kanthu, ngakhale wokhala pamwamba. Ndiye anamuuziranji mnzawo kuti njira ili bwino?

Ndinati mphunzitsi uja akusenza yekha. Anati iye ndiye anagunda. Zoonanso.

"Abwana akamva mawu amenewo, makiyi ndisiya tsiku lomwelo. Palibenso kampani ingandipatse lole. Tizidya mabatani anuwo?"

Kenako anandigwira dzanja, mofatsa, chinthu chimene sanachite kalekale. "Mayi, kabwere kakhadiko. Tikaponye pamoto, nkhani ithe."

Lachisanu, 13 Juni

Wanjinga wamwalira m'mawa.

Wailesi wafika kushopu maso ali psuu. Anthu aponya chithunzi cha geti la Bambo Zikomo. Dzulo agenda mawindo, ana ake awathawitsira kwa achibale. Wina walemba kuti akhoti akachedwa tithana naye tokha, ndipo anthu akuvomereza ngati akuitanirana ku ukwati.

Wailesi wafufuta zonse, patsamba ndi m'foni momwe. Ndinamuuza kuti wazimitsa machesi, tchire likuyaka kale. Analira. Sindinam'tonthoze, ndilibe mphamvu.

Ndiye mawu aja atsala pamalo amodzi basi, pakanthu kochepa ngati chikhadabo.

Loweruka, 14 Juni

Madala abwera kushopu. Chitsegulireni shopuyi anapondamo tsiku lokhoma mashelefu lokha.

Ndinawauza kuti kakhadi kanagwera m'chitini cha mabatani, sindikukapeza. Anakhuthula chitini chonse patebulo lodulira nsalu, n'kuyamba kusankha ndi chala chimodzi, batani ndi batani. Kasitomala wina analowa, anaona nkhope yawo, anati abweranso.

Kakhadi kanali m'kabokosi ka pansi pa makina, pamene pamakhala bobini, bondo langa litatsamira pomwepo.

Atatopa anaimirira, maso n'kugwera pa buluku lakuda lili pahang'ala.

"Ili n'la ndani?"

"La kasitomala."

Analigwira m'chiuno, pamene ndalemba ndi choko pofunika kuchepetsa. "Waonda bwanji munthuyu."

Anayang'ana panja. Koyera kanali pamalo pake paja, tsidya lina. Sindikudziwa ngati anakaona. Potuluka anati, "Lolemba ndikadzabwera kuchokera kuntchito ndidzakapeze patebulo. Musandiyese mwana."

Mabatani ndatola ndekha.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi Madala anaimba mokweza kuposa onse. Ine pakamwa pamangoyenda.

Masana ndinati ndikamalize ntchito ya mawa. Buluku ndachepetsa, ndasita, mzere uli tha. Thumba lakumanzere linali lobooka, ndasokanso ngakhale sanandiuze. Sindinkadziwa chifukwa chake ndikulimbitsa thumba la munthu chonchi, kubwereza msoko kawiri.

Bodza. Ndinkadziwa. Kakhadi n'kakang'ono, sikafuna thumba lobooka.

Madala ndakhala nawo zaka zonsezi. Sanandimenyepo, malipiro sabisa, amayi anga atadwala anawanyamula okha pamsana kukwera nawo masitepe a chipatala. Munthu yemweyo ndi amene anati pita ukaone. Ndikuyesa kuwaika pamodzi awiriwa, sakulowana.

Lolemba, 16 Juni

Mphunzitsi uja wabwera ndikungotsegula kumene. Wavala shati yoyera ndi tayi, kumunsi buluku lakale. Pachipumi pali pulasitala, sindinafunse.

Ndinam'patsa litakulungidwa m'pepala. Anafuna kuliyesa kuseri kwa katani, ndinati ayi bambo, likukwanani, pitani mungachedwe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ndinati, "Thumba lakumanzere linali lobooka. Ndakonza. Mukaonemo ngati lili bwino."

Anawoloka msewu atalikumbatira pachifuwa, n'kulowa mbali ya wokwera. Mkazi wake analiza injini koma sanachoke. Ndinaima kuseri kwa katani, kuonera pakampata. Mutu wake unawerama. Unakhala choweramira nthawi yaitali. Kenako mayi uja anagwira pakamwa.

Kagalimoto kanalowa mumsewu pang'onopang'ono. Katafika pakhomo pa shopu yanga, mahazadi anaphethira kawiri.

Sindinasoke kalikonse lero. Madiresi a ukwati wa Loweruka angondiyang'ana. Wailesi anabwera ndi mabanzi, ndinam'bweza pakhomo.

Tsopano ndili kunyumba. Tebulo ndapukuta, palibe kanthu pamwamba pake, nsalu yokha. Madzi osamba ndawatenthetsera Madala. Foni yalira kawiri, dzina lawo, sindinayankhe.

Lole yaima panja. Injini azimitsa, koma chitseko sichinatseguke. Pakhoma la chipinda chochezera kuwala kwachikasu kukuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Aiwala kuzimitsa indiketa.