Madiresi 14 a Ukwati wa ku Mayani

Satwa, Dubai
9 Novembala 2024

Okondedwa a Benedicta, mng'ono wanga,

Lero ndakwanitsa masiku 212 m'nyumba ya mwana wanga Hildah. Miyendo yasiya kutupa. Kuno m'mawa kumagwa nkhungu yochokera kunyanja, ndipo nyumba zitalizitali zimene ndimaziwerenga pa zenera zimatsala mitu yokha, kuyandama ngati zilibe maziko. Zilipo 23. Dzana ndinapeza zisanu ndi zinayi, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira, ndikuyesa ndili pa khonde la sukulu ndikuyang'ana mapiri a kwathu ku Mayani.

Mukudziwa kuti Hildah amagulitsa madiresi a chitenje pa intaneti. Popeza masana amakhala ku ntchito, anandipatsa udindo woyang'ana maoda akamalowa. Anandiphunzitsanso za chinthu chimene amachitcha chajibaki. Wakuba amagula ndi khadi la kubanki la munthu wina. Mwini khadi akazindikira amakadandaula, banki n'kulanda ndalamazo kwa wogulitsa, katundu atapita kale. Zamugwera Hildah kawiri chaka chino, ndipo kampani imene imamulandirira ndalama inamuchenjeza kuti kachitatu idzamutsekera. Ikatseka, malonda atha, pomwe lendi ya nyumba ino imachokera pamenepo.

Anandilembera zizindikiro zisanu: oda yaikulu ya munthu wachilendo, dzina la pa khadi losiyana ndi la wolandira, kufulumiza, khadi kukanidwa kangapo lisanadutse, ndi kusintha adiresi atalipira kale. Anati zikakwana ziwiri, khalas, monga amanenera Aarabu potanthauza basi, ndisatumize, ndimudikire. Kwa miyezi isanu sindinaphonye.

Pa 21 Okutobala panalowa oda ya madiresi 14 a nsalu imodzi, yobiriwira ija ya maluwa achikasu. Wolandira anali Ruth, khadi linali la dzina la Chiarabu. Khadilo linakanidwa kangapo lisanadutse, ndipo katundu ankamufuna msanga, choncho zizindikiro zinakwana zinayi. Ndinamuimbira Ruth foni kuti ndingomva mawu ake. Ndinalonjera m'Chingerezi, koma kuseri ndinamva akuuza wina m'Chichewa kuti atseke chitseko.

"Kwanu n'kuti, mwanangu?" ndinafunsa.

"Ku Dedza, Amayi."

"Dedza yake iti? Si ku Mayani?"

"Komweko, Amayi. Mwadziwa bwanji?"

Achemwali, mtima unandithawa. Tinacheza mphindi 26. Anati amagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Warqa, alibe khadi lakelake, ndiye madamu ake amulipirira kuti azidzamudula pa malipiro. Madiresiwo anati ndi yunifolomu ya amayi a pabanja pa ukwati wa mng'ono wake, ndipo wina wokwera ndege Lachinayi awatengera kumudzi. Iye akulankhula, ine ndinali nditafika kale. Ndinkawaona amayi 14 akutuluka m'tchalitchi ndi nthungululu, fumbi lofiira likukwera m'maondo, maluwa achikasu akugwedezeka ngati munda wa mpendadzuwa kukaomba mphepo. Inu munali wachitatu pa mzere.

Hildah anali atandiuza kale kuti khadi likakhala la wina tizipempha chithunzi cha chiphaso ndi uthenga wa mwini khadi wovomereza. Mawuwo anali pakamwa. Koma munthu amene mwangomutcha mdzukulu wa a Nangondo a kwathu aja, amene wakupepesani maliro a bambo a Hildah, mungamufunse chiphaso ngati wapolisi wa pamsewu? Kwathu sitichita zimenezo. M'mawa mwake Ruth anapempha kuti katunduyo apite ku nyumba ina yosungiramo katundu ku Ras Al Khor, osati ku Al Warqa. Chimenecho chinali chachisanu. Ndinachiona, ndinachiwerenga, n'kutumiza. Hildah ndinamuuza kuti Ruth ndi mwana wa kwathu, ndikumudziwa. Anandigulira mango atatu posangalala.

Kuyambira pa 25 foni ya Ruth sikulira. Ndaimba ka 31. Lachiwiri ndinakhala pansi n'kulemba zonse tinakambirana, monga ndinkalembera malipoti a sukulu. M'macheza athu munatchulidwa mayina asanu ndi awiri a kwathu: Mayani, a Nangondo, a Davies a chigayo, a Boniface akatekisiti, malemu amuna anga, inuyo ndi ine. Onsewo anatuluka m'kamwa mwanga. Iye ankangoti, "Eya, omwewo, Amayi." Ine amene ndinagwira ana obera mayeso kwa zaka 34, ndinamuuzira mayankho ndekha, n'kumuchongera.

Mwini khadi ali ndi masiku 120 oti adandaule. Apita 19, atsala 101. Hildah anandiuzapo kuti wogulitsa akabweza yekha ndalama mwini khadi asanadandaule, madiresi amatayika koma mlandu sulembedwa. Ndakhala ndikudziwa zimenezi masiku onsewa. Chimene chandigwira dzanja si manyazi okha. Ndikangomuuza Hildah, ukwati uja watha, ndipo ndakhala ndikupitako m'maganizo masana aliwonse.

Nditayamba kalatayi ndinafuna kukupemphani kuti mutsikire kwa a Nangondo mukafunse ngati ali ndi mdzukulu kuno. Musapite. Miyendo yanu si yabwino, ndiponso kalata imayenda pang'onopang'ono kuposa banki. Hildah afika 5 koloko. Ndamuphikira, ndaika pepala la zizindikiro lija pa tebulo, ndipo ndimuuza asanavule nsapato.

Mundiperekere moni kwa a Davies ndi a Boniface. Kwa a Nangondo mukawauze kuti ndimawakumbuka kuposa mmene zikuyenera. Mvula ikagwa mundilembere tsiku lake ndi ola lake, ndiponso amene munali nawo pa khonde. Mulembe mayina onse, ngakhale a anthu amene mukuganiza kuti ndinawaiwala. Ndidzawawerenga mokweza m'chipinda muno, kuti ndisakawaperekenso kwa mlendo.

Ndine mkulu wanu wokusowani,
Estere Nachisale