Apongozi Anga Alowa M'kalasi

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno ku Pembamoyo tilipo, kungoti chifuwa cha nyengo yozizira chatigwira nyumba yonse, kuyambira ine mpaka Dorika, mdzukulu wanu.

Dzinja ladutsa kawiri chitisiyireni, koma mutu wangawu sunaphunzirebe. Ndikamva nkhani yoseketsa ndimati Loweruka ndikawauze amayi ku Zemba, ndipo ndimadzazindikira ndili kalikiliki kupopa njinga. Mlongo wanga Esinati anachira nthawi yopalira, mwana wamwamuna, makutu ake ndi a amalume enieni. Munda wanu wa kudambo akulima ndi iyeyo, ndipo nsawa zabereka bwino chaka chino. Nkhokwe yanu inagwa ndi chiswe. Ndinakaniza kuti mitengo yake asasonkhere moto, mpaka alamu anandifunsa ngati ndikufuna kukaiika m'bokosi.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi sukulu yanga ino. Ana anayamba kutha, Amayi. Anyamata akangosinkhukirapo ankathawira ku mafamu a fodya, atsikana ankatsala pakhomo kuswa nsawa. Ndikapita kukadandaula, makolo ankandiyankha kuti, "Aphunzitsi, A ndi B wanuyo tidyera chiyani?" Ndiye kunabwera a manijala a masukulu a mishoni pa njinga yamoto. Anayang'ana mabenchi opanda anthu nanena kuti akadzapeza zili chomwecho tikakolola, atseka, ndipo ofuna sukulu aziyenda mpaka ku Zingalume. Mwana woyamba kumene sukulu, wa Sabu A, angafike kumeneko, mitsinje itadzaza? Ndinaopa kwambiri, chakudya osandilowa.

Munkakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, makamaka mukafuna kundituma. Ndinaganiza zopempha anthu a m'mudzi momwemo kuti Lachisanu lililonse azibwera kudzaphunzitsa ana ntchito zimene amadyera, ndiponso kasungidwe ka ndalama. Malipiro panalibe, koma anavomera. Ine ndinasangalala msanga, osadziwa kuti walira mvula walira matope. Kudziwa ntchito ndi kwina, kuimirira pamaso pa ana ndi kwinanso, choncho Lachinayi masana, ana ataweruka, ndinkakhala nawo kuti tiyeseze.

A Tembo akalipentala ndi munthu wouma pakamwa. Tsiku loyeseza anapala thabwa nthawi yaitali, kenaka anati, "Basi, ndi mmenemo." Ndinawapempha kuti chida chilichonse azichikweza m'mwamba, atchule dzina lake, ndipo mwana achigwire. A Zulu atelala, amene anabwera ndi makina osokera kuchokera ku Halale, vuto lawo linali lina. Ndinawafunsa za ulusi, iwo anandiyendetsa m'misewu yonse ya Halale, magetsi ake ndi mabasi ake. Ndinati, "A Zulu, mukatero mundithawitsira ndi otsala omwe." Tinapangana kuti akambe za nsalu zokha, ndi mmene munthu amaganizira ulusi ndi thukuta lake asanatchule mtengo.

Phunziro la ndalama ndinati ndiphunzitsa ndekha. Apo m'pamene a Tembo anatsegula pakamwa. "Inu a malipiro a pamwezi mungamuuze chiyani mlimi? Itanani aNambewe." Sananame. ANambewe ndi amasiye, koma nkhokwe yawo imakumana ndi chimanga chatsopano, ndipo sanagulitsepo mbuzi mothamanga. Koma Amayi, aNambewe si ndiwo apongozi anga, amene anandiberekera make Dorika?

Ndinu nomwe munandilangiza pobwera kuchikamwini kuno kuti ndikakumana ndi apongozi panjira ndizipatuka, ndipo ndisadzawayang'ane kumaso. Ndinamvera mpaka kupitiriza. Zaka zonsezi ndimawadziwira zidendene ndi mpango wa kumutu. Iwonso akandiona patali amalowa m'tchire, ngakhale muli chitedze. Tsono munthu wotereyu ndimuphunzitse bwanji kaimidwe ka m'kalasi?

Poyamba tinkatuma make Dorika. Mawu ankachoka kwa ine ali bwinobwino, n'kukafika atapindika. Ndinati akawauze kuti phunziro limatha belu likalira, yankho linabwera loti, "Akuti iwo si ng'ombe ya pangolo yoti aziimitsidwa ndi chitsulo." Mapeto ake tinakhala pankhokwe yawo, iwo mbali iyo, ine mbali ino, make Dorika pakati akuswa nsawa ndi kudziluma milomo kuti asaseke.

Ine ndinkati, "Uwauze amayi kuti akayambe ndi funso, ana amagalamuka akafunsidwa."

Kuseri kwa nkhokwe kunkachoka mawu akuti, "Uwauze aphunzitsi kuti ndamva, sindine gonthi."

"Uwauzenso kuti mwana akalakwa kuyankha asamukalipire."

"Uwafunse ngati iwo anabala ana ambiri kuposa ine."

Komabe zina anazilandira. Anavomera kubwera ndi zinthu zoti ana aone ndi kugwira, ndipo anavomera kulankhula ataimirira, ngakhale anadandaula kuti mkazi wa ulemu wake amalankhula atakhala pansi.

Panatsala mfundo imodzi. Lamulo la mishoni sililola mphunzitsi kutuluka m'kalasi muli ana. Ndinakokera bolodi pangodya, ndinaika kampando kuseri kwake, n'kukonza zoti ndikhale pamenepo nditayang'ana khoma. Ndinkayesa kuti ndachita mwanzeru ndi mwakachetechete. Kumudzi kulibe chinsinsi, Amayi. Lachisanu lija anthu anakhamukira kusukulu kudzaona mkamwini ndi apongozi ake m'chipinda chimodzi. Anabwera ndi ana awo omwe, aja ndinawasowa miyezi yambiri. Ngakhale anthu a kugule, amene saponda pano chifukwa Lamulungu nyumba yomweyi ndiyo tchalitchi, anadzaza m'mawindo. Manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndinamva mapazi a aNambewe akulowa, ndinamva malichero akuikidwa pansi, kenaka kunangoti zii.  Wina pawindo anayamba kuseka chamumtima, ndipo ndinadziwa kuti mawu awathawa. Kucheuka sindikanatha, kuwaitana sindikanatha. Akanangotola malichero n'kutuluka, sukulu ikanathera pomwepo, anthu akuseka. Ndiye ndinalankhula ndi khoma mokweza kuti, "Ana inu, palibe amene afuna kufunsa agogo zimene abweretsa?" Mtsikana wina anafunsa, ndipo aNambewe anatsokomola n'kuyamba.

Anathira nsawa m'malichero atatu. Za m'lichero loyamba anati si zathu, mwini wake ndi mvula, ndipo wodya mbewu wadya chaka chamawa. Lachiwiri linali la pakhomo, lachitatu logulitsa. Anaitana ana kuti agawe okha, ndipo wina atadzazitsa logulitsa anangomufunsa kuti mwezi wa njala adzatafuna sheleni kodi. Sanamukalipire, ndinanyadira kuseri kwangako. Kenaka anati, "Tsiku logulitsa musalowe m'sitolo. Ndalama imabwera yotentha, ikagone kaye m'nyumba izizire. Mawa lake mudzaona kuti theka la zimene mumafuna simukuzifunanso."

Kuseka kuja kunatha. Bambo wina pawindo anaiwala kuti anabwerera chionetsero, nafunsa kuti munthu angadziwe bwanji ngati sikelo ya ogula nsawa ikunena zoona. ANambewe anati, "Ine manambala a pasikelo sindiwadziwa. N'chifukwa chake kumsika ndimapita ndi mwana wa sukulu, aziwerenga ine ndikumva. Nanga inu wanu ali kuti?"  Belu linalira, iwo anapitiriza ngati sanamve, ndipo ine sindinayerekeze kutumiza mawu.

Lolemba lake mabenchi sanakwane, ena anakhala pa njerwa. Si onse anabwerera ayi, anyamata awiri akuluakulu anapitabe ku fodya, ndipo zimandiwawa. Koma a manijala atabwera titakolola anapeza a Tembo akugwiritsa ana sowo pabwalo, analowa m'kalasi, anayang'anayang'ana, nati sukulu ikhale, tidzaonanso chaka chamawa. Za kampando ka kuseri kwa bolodi anafunsa, ine ndinati n'koikapo choko.

Pali chimodzi chimene sindinauze munthu, ngakhale make Dorika. Nditakhala kuseri kuja, nkhope ya wolankhulayo sindinkaiona, ndinkangomva mawu ndi kuwayawaya kwa nsawa m'lichero. Mwadzidzidzi ndinapezeka ndili ku Zemba, ndili wamng'ono, nditakhala pamphasa, inu mukupeta ndi kundimenya kadzanja ndikafuna kutola za mbewu. Mawu anali a aNambewe, koma ine ndinkamva inu. Pamaliro anu sindinalire bwino, ndinali wotanganidwa ndi kulandira anthu ndi kufunafuna matabwa. Ndinadzalira tsiku limenelo, mudzi wonse uli kumbuyo kwanga, misozi ikugwera pa malaya a ntchito. Mwambo umene ndinkaudandaula sabata yonse ndi umene unandibisa nkhope, ndipo anthu mpaka lero amanditama kuti ndine mkamwini waulemu chifukwa sindinacheuke.

Ndakusowani, Amayi. Sukulu ikatsekera ndibwera ndi Dorika kudzalambula pamene mwagonapo, ndipo ndikulonjeza kuti ulendo uno sindidzafulumira kubwerera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Filimoni