Munda wa Atate Watichoka

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Nanga atate adafika bwino? Ngati muli nawo pafupi amve nawo, chifukwa nkhaniyi ndi yawo.

Ndiyambe ndi zabwino. Malita, chitsirizira wanu, wachira. Ndi mwana wamkazi, mphumi ngati yanu. Nshawa zachita bwino chaka chino, koma chimanga chidapsa ndi dzuwa.

Tsono munda uja watichoka. Titangometa maliro a atate, a Lazaro, mwana wa alongo awo, adati munda ndi dimba ndi za mbumba yawo, ife kwathu nkuchikazi, ku Vubwi, kumene atate adakakutengani chitengwa. A Lazaro omwe aja munkawaphikira phala akudwala, Amayi. Ndidawakumbutsa kuti atate adanena pamaso pa anthu kuti mundawo ndi wa ana awo. Anthuwo lero akuti sadamve.

Ndidakasuma kukhoti ku Katete. Tayenda mpaka nsapato kutha. Oweruza adati ng'ombe, njinga ndi mipando tigawane monga mwa lamulo, koma nthaka yamakolo lamulo la chuma chamasiye siliikhudza, ikakambidwe kumudzi. Kumudzi kwakenso nkuti? Nkomwe kwadzaza abale a a Lazaro. Angotilola kuti tikolole.

Paja munkati mukamapalira, mtengwa ndi mlendo ngakhale amere imvi, ndipo mlendo ndi mame. Ine ndinkaseka, kumati amayi nkudandaula.

Ndidapitanso ku Vubwi kwa atsibweni. Adandilandira bwino, nkhuku adapha. Koma nditatchula za malo adayang'ana pansi, nkunena kuti gawo lanu adagawana kalekale, poti mudachoka muli mtsikana. Kuno akuti ndife a uko, uko akuti ndife a kuno. Ndakwiya, Amayi, ndipo ndili ndi mantha. Ana ndidzawadyetsa chiyani chaka chamawa?

Tikatha kukolola tisamukira ku Sinda, tikapeze kachipinda ka lendi, ndizikagwira maganyu m'minda ya eni. Chondiwawa nchakuti inu mutsala kuno, pakati pa anthu otipirikitsa. Akuti ndikafuna kubwera kumanda ndiziyamba ndapempha. Ndidzapempha. Ndidzagwada ndithu pamaso pa a Lazaro, koma udzu sudzamera pa inu ine ndili moyo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati