Phazi Lachitsulo la Simeoni

Lolemba, 2 Sepitembala 2019

Ndabwerako kuchipatala. Akuti ndili ndi matenda a shuga. Ine Simeoni, mfumu ya akabaza pa Golomoti, munthu woti ndinakwezapo mayi wonenepa, thumba la mpunga ndi mbuzi panjinga imodzi mpaka ku Mtakataka osatsika!

Anesi a Katerina akuti, "Bambo, musasiye zonse tsiku limodzi, mungalephere. Muzichepetsa shuga pang'onopang'ono." Ndinati amayi, mwakumana ndi katswiri. Mu tiyi ndimathira masipuni asanu, mawa ndithira anayi. Ananenanso zina zambirimbiri, za zakudya, za mapazi, koma apo n'kuti ndikuseketsa agogo ena pabenchi. Mapiritsi andipatsa.

Loweruka, 14 Sepitembala

Ndafika pa masipuni awiri. Tiyi ngati madzi otsukira mbale. M'kamwa mukasowa chochita ndimangogula nzimbe n'kumatafuna posiya apa ndi apo. Posiya pati, tsiku lonse.

Ephraim, mnzanga wa pasiteji, akuti, "Aise, nzimbeyo si shuga yemweyo?" Ndinati iwe, shuga amabwera m'paketi. Nzimbe ndi udzu. Unamvapo kuti ng'ombe yagonekedwa ndi shuga? Siteji yonse inafa nalo phwete.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Shuga ndasiyiratu! Ndalengeza pamsika kuti aliyense amve. Akazi anga, amake Natasha, andiphikira mpunga wa ku Bwanje, mbale ziwiri zosefukira, thobwa pamwamba. Mphoto ya ngwazi.

Mapiritsi atha. Amake Natasha akuti ndikatenge ena. Munthu wosiya shuga, mapiritsi a shuga a chiyaninso?

Ludzu lokha ndiye eee. Ndingathe kuumitsa mjigo ndekha.

Lamulungu, 13 Okutobala

Pedulo ya kumanja inathyoka dzana, panatsala kachitsulo kokha. Ndakhala ndikupalasa choncho. Lero bambo wina amene ndinamunyamula kuchokera ku Mua akuti, "Akulu, magaziwo akuchokera kuti?" Kuyang'ana, kachitsulo kandiboola pansi pa chala chachikulu cha kuphazi. Ine osamva olo pang'ono!

Ndawaonetsa anyamata. Kenaka ndinaima osavala nsapato patala yotentha, masana dzuwa lili pamutu, Ephraim akuwomba m'manja. Akuti phazi lachitsulo. Dzina limenelo ndalilandira.

Lachitatu, 23 Okutobala

Chala chada. Amake Natasha akuti m'nyumba mukununkha. Ndati ndi usipa umene ndinanyamula dzulo.

Sanaseke.

Lachisanu, 1 Novembala

Ndikulemba ndili pabedi la kuchipatala. Dzulo thupi linatentha, ndimanjenjemera ngati nkhuku yonyowa. Ephraim ndiye anandinyamula. Mfumu ya akabaza pakaliyala, itagwira mnzake m'chiuno. Podutsa pasiteji ndinayang'ana kumbali.

A Katerina anamasula nsanza ya paphazi n'kutembenuza nkhope. Anandibaya chala cha dzanja, kuyang'ana kamakina kawo, kundibayanso.

"Bambo Simeoni, mwakhala mukudya chiyani?"

Ndinati shuga ziro, amayi, funsani Golomoti yense. Mpunga basi, thobwa, ndi tinzimbe.

"Nanga shuga wa m'paketiyo amapanga ndi chiyani?"

Malole a nzimbe ndimapikisana nawo pamsewu chaka ndi chaka. Sindinafunsepo kumene amapita.

Ndinayesa kuwaseketsa ndi nkhani ya patala ija. Akuti, "Phazi losamva kuwawa si lolimba, bambo. Ndiye kuti mitsempha yafa. Paja ndinakuuzani kuti muziliyang'ana tsiku lililonse."

Amake Natasha anatuluka panja.

Lolemba, 4 Novembala

Anditumiza kuchipatala chachikulu. Muwodi muno tilimo atatu a matenda omwewa. Ndawauza kuti tikatuluka tiyambitse timu ya mpira. Mdala wa pakona anaseka mpaka kutsokomola. Winayo anadzifunditsa kumutu.

Adokotala abwera ndi cholembera. Anadina mwendo, kudinanso m'mwamba, kudinanso, akufunsa ngati ndikumva. Kenaka anajambula mzere pansi pa bondo. Ndinati bwana, tsitsaniko, ndi chala chokha chimene chalakwa. Akuti akadula chala chokhacho chilondacho chidzakwera mpaka kunditenga ndense.

Ndinafunsa ngati munthu angapalase ndi mwendo umodzi. Anati tikambirana bwino pambuyo pake.

Lachinayi, 7 Novembala

Adula.

Lachiwiri, 12 Novembala

Mdala wa pakona anamutulutsa m'mawa atamuphimba nsalu. Mkazi wake amalira m'khonde.

Ephraim anabwera ndi nthochi, anesi anam'bweza nazo. Akuti pasiteji pazizira, palibe wonama. Za njinga sanatchule. Inenso ayi. Natasha akuti akufunsa kuti kusukulu azimusiya ndani.

Nyemba, masamba, kansima ka mgaiwa kochepa ngati dzira. Ndikudya zonse zimene andiuza. Pano ndimamvetsera mpaka anesi amalize.

Lolemba, 18 Novembala

Anditulutsa. Ndodo ziwiri andipatsa, ndayeserera m'khonde, ndagwa kamodzi.

Amake Natasha anafika ndi kajumbo ka zovala zobwerera kunyumba. Shati yanga ya kutchalitchi, buluku atalipinda mwendo umodzi n'kusoka bwinobwino. Pansi pa jumbo panali patapata imodzi, ya kumanzere.

Ndinafuna kunena kanthu koseketsa. Iwo anagwada n'kundiveka.