Dona Alibe Klatchi

Lolemba, 3 Marichi

Chigayo, pikapu yanga ya dizilo ija, chapita. Wogula wake anabwera m'mawa, munthu wamfupi wogulitsa matabwa. Sanadikire n'komwe kuti kanyali ka mapulagi kazime, anangopotoza kiyi ngati akutsegula mpopi. Ndinati ndimuuze kuti dizilo saliza choncho, koma mwana wanga wachisamba anandigwira paphewa: "Adadi, si yanunso." Zoona. Si yanganso.

M'malo mwake andiimikira pakhomo kagalimoto ka petulo, kotomatiki, koyera mbee. Asankha ndi Wachisamba ndi mwamuna wake, ine osandifunsa. Akuti n'chifukwa cha mwendo wamanzerewu, umene sitiroko inausiya wolemera. Akuti klatchi ya Chigayo ikanadzandiphetsa pamsewu. Ine amene ndayendetsa malole a kampani mpaka kupuma pantchito osagunda ngakhale nkhuku! Kagalimotoka ndakatcha Dona, chifukwa n'kosalala ndipo kakuoneka kuti sikafuna kugwiridwa ndi manja a girisi.

Lamulo aliika poyera: ndikangochita kangozi kalikonse, makiyi alanda, ndizikhala n'kumadikira kunyamulidwa. Mayi akunyumba anali pamakina awo, akusosola ulusi pa yunifolomu. Sanandiikire kumbuyo ngakhale ndi liwu limodzi.

Lachiwiri, 4 Marichi

Ulendo woyamba, kukatula mayunifolomu a Mayi kusukulu. Tafika bwino, ndazimitsa, kiyi wakana kutuluka. Kukoka, kugwedeza, ayi ndithu. Ndati ndilizenso, zii. Kutsegula boneti, zonse anavindikira ndi pulasitiki, sungadziwe pogwira. Ana asukulu atiunjirira ngati tikugulitsa maswiti.

Ndinaimbira mkamwini, mtima ukuwawa. "Giya ili pa chilembo chanji, bambo?" Inali pa D. Nanga si Chigayo ndinkachisiya m'giya nthawi zonse. "Ikani pa P, mupondenso buleki." Kiyi anatuluka, ndipo polizanso kanalira. Kenako iye akuseka: "Mwaona? N'zosavuta, ngakhale mwana angathe."

Zikomo kwambiri, mkamwini. Ndamva.

Lachitatu, 5 Marichi

Injini yake siimveka. Pageti ndinayesa kazima, ndinapotozanso kiyi kali kolira kale, sitata inakuwa mpaka agalu a kuseri anauwa. Chigayo chikalira mzere wonse unkadziwa kuti kwacha. Uyu amangonong'ona, ndipo ukangochotsa phazi pa buleki wayamba kale kukwawa yekha usanamuuze.

Lachisanu, 7 Marichi

Dzanja likungofunafuna giya m'malere. Kawiri lagwira bondo la Mayi. Iwo: "Bambo, pamsewu pano." Sindinaseke.

Loweruka, 8 Marichi

Ndinaiwala nyali zoyaka dzulo, lero batire yafooka. Kupotoza kiyi, ke-ke-ke basi. Sindinade nkhawa. Nyumba ino ndinaikonda chifukwa cha kamtsetse kapageti, ndipo Chigayo chikafooka ndinkangoliza likhweru, aneba n'kutuluka. Lero anatulukanso: Wowotcherera wa kutsidya ndi azilamu ake awiri, mmodzi sopo ali kumutu.

Anakankha. Ndinaika pa D, palibe. Anakankhanso, ndinayesa zilembo zonse zimene zilipo, palibe. Chiwongolero chinauma gwa, buleki ngati ukuponda mwala. Tinakaima kumunsi kwenikweni, pafupi ndi ngalande, anthu akupuma wefuwefu. Wowotcherera anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Achikulire, iyi si galimoto, ndi firiji."

Makaniko anabwera ndi mawaya ake, kanalira pompo. Akuti otomatiki sakankha. Ndiye galimoto yanji imene anzako sangakuthandize? Ndawapempha onse kuti Wachisamba asamve.

Lolemba, 10 Marichi

Dona ndi chidakwa. Ndinamwetsa Lachisanu, maulendo anga ndi akusukulu ndi kusitolo ya nsalu basi, koma muvi wa mafuta watsika ngati ndinapita kumaliro kutali. Chigayo ndikachimwetsa ndinkaiwala njira ya kupampu.

Chinanso chatsopano: mpando ukusuntha wokha. M'mawa uno polowa mawondo anagunda chiwongolero, galasi la pakati likundionetsa mpando wakumbuyo. Ndinabweza. Si koyamba, zinachitikanso sabata yatha koma ndinayesa ndine ndasokoneza. Ndinawadandaulira Mayi. Anati, "Kaya, mwina ndi mmene zimachitira zamakonozi," n'kupitiriza kupinda malaya.

Lachitatu, 12 Marichi

Kugalaja. Makaniko analowa pansi, ananunkhiza thanki, anatsata mapaipi onse. Palibe podontha. Mpando anaukoka, anaukankha, anaudumphira. Uli bwinobwino. "Mdala, mpando suyenda wokha. Kulibe kamnyamata kunyumba kamene kamakuberani?" Ndinamuuza kuti panyumba tilipo awiri, ine ndi mkazi wanga, ndipo iwo ngakhale njinga sapalasa. Anangokanda kumutu.

Pobwerera ndinayamba kudzikayikira. Mwina mutuwu ndi umene ukudontha. Mapiritsi a masana aja amandigwetsa ngati thumba, ndikadzuka sindidziwa kuti ndi tsiku lanji. Mwina ndimasuntha ndekha n'kuiwala. Zimenezi sindingauze munthu.

Lachinayi, 13 Marichi

Zachitika.

Tikuyandikira maloboti a pafupi ndi chipatala, ndinati ndichepetse liwiro. Mwendo wamanzere, womwe uja akuti ndi wakufa, unadzuka wokha kukafuna klatchi. Unapeza buleki. Buleki wa Dona ndi wotambalala, mapazi awiri amakwanapo. Galimoto inaima nji! Mayi anali atamasula lamba kuti atole chikwama chimene chinagwa, anamenyetsa pakamwa pa dashibodi. Wa minibasi kumbuyo anatiphonya pang'onong'ono, anatukwana mpaka makolo anga.

Mlomo wang'ambika, magazi pa bulauzi. Ndinati tilowe m'chipatala, anakana. Anatsindika mpango pakamwa n'kunena chamumphuno kuti, "Yendetsani, bambo, anthu akutiyang'ana." Njira yonse mwendowo ndinaupinda pansi pa mpando. Ndikanakhala ndi chingwe ndikanaumanga.

Lamulungu, 16 Marichi

Wachisamba ndi mkamwini anabwera titaweruka kutchalitchi. Maso a mwana uja anafikira pamlomo pa mayi ake. Ine ndinaika supuni pansi. Ndinadziwa kuti makiyi apita.

"Chitseko cha kabati," anatero Mayi. "Ndinaiwala kuti n'chotsegula." Wachisamba anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine, n'kungoti, "Muzisamala, amayi." Basi.

Atapita ndinawathokoza Mayi mwanjira yanga. Ndinawatsukira mbale, chinthu chimene sindichita. Mkazi uyu ndamuganizira zoipa sabata ziwiri zonsezi, chonsecho ali mbali yanga.

Lachiwiri, 18 Marichi

Ali mbali yanga! Ndafufuta ndi cholembera zimene ndinalemba Lamulungu, koma zikuwerengekabe.

Lero piritsi la masana sindinamwe, ndimafuna kuona ngati ndi limene likundisokoneza mutu. Ndinagona chagada, maso ali gwa. Ndinamva geti likukwekwesa pansi. Kusuzumira pawindo: Wachisamba, yunifolomu yake ya unamwino ili m'thupi, wagwira geti. Dona akutuluka chafutambuyo, mwakachetechete monga mwa khalidwe lake. Pachiwongolero pali mkazi wanga, magalasi osokera ali pamphuno. Sanakhudze chipilala ngakhale pang'ono.

Ndiye mpando woyenda wokha uja. Ndiye thanki yodontha ija. Ine n'kukadzichititsa manyazi kugalaja, n'kumagona ndi mantha kuti misala yayamba. Chikhala Chigayo, bwenzi nditadzuka tsiku loyamba lomwe. Anasankha dala galimoto yosadzutsa munthu.

Ndinawadikira pageti ndi ndodo yanga. Atabwera ndinangofunsa funso limodzi: galimotoyi munagulira ndani? Wachisamba akuti, "Nonse, adadi." Ndinati asandiyankhule ngati wodwala wa kuwodi kwake. Lamulo la kangozi lija linali chiyani, ngati wolowa m'malo anali atamupeza kale? Ankangodikira ndilakwitse. Ndipo mayi ake bodza la kabati lija sanalinene pofuna kunditeteza ine, ananama kuti maphunziro awo oyendetsa asaduke, galimoto ingachoke pakhomo.

Mayi anatsika, anatseka chitseko bwinobwino. Sanakweze mawu. "M'mawa umene munagwa kubafa, makiyi a Chigayo anali m'manja mwangamu. Galimoto ili apo, inu muli apo, thovu kukamwa. Sindinadziwe chochita nawo. Ndinathamanga mumsewu wopanda nsapato kuimitsa anthu osawadziwa. Zimenezo sizidzandichitikiranso, bambo, kaya mukwiye." Akuti laisensi yophunzirira anakatenga ine ndili m'chipatala.

Ndinatambasula dzanja. Anandipatsa kiyi wapadera uja, amene sindinkadziwa n'komwe kuti alipo. Onse awiri ali m'thumba mwanga.

Lachitatu, 19 Marichi

Sitikuyankhulana. Tiyi ndadzipangira ndekha, wowawa.

Lachisanu, 21 Marichi

Tsiku lotula mayunifolomu. Ndinavala, ndinakhala pabalaza makiyi ali m'manja, kudikira kuti andipemphe. Sanandipemphe. Anamanga mtolo, anaukutira ndi pepala la pulasitiki, anasenza, n'kutuluka mvula ikuwaza kukadikira minibasi. Anadutsa pambali pa Dona osamuyang'ana.

Wowotcherera anandikuwira ali kutsidya: "Firiji yafanso, achikulire? Tibwere?" Ndinatseka katani.

Abwera madzulo atanyowa, akutsokomola. Ndinafuna kufunsa ngati asukulu alandira zonse. Sindinafunse. Aliyense m'nyumba muno akudziwa chimene chili chabwino kwa ine, kupatula ine.

Lolemba, 24 Marichi

Kuchipatala, tsiku loonana ndi dokotala. Ndinapita ndekha, dala.

Dokotala wake wamkazi, wamng'ono kwa Wachisamba. Anandikhazika pabedi, anaika dzanja lake kunsi kwa phazi langa, akuti ndiziponda akangonena. Lamanzere tonse tikulidziwa. Anapita ku lamanja, anabwereza, anabwerezanso, n'kusiya kumwetulira. Akuti nalonso likuchedwa pang'ono. Anafunsa kuti ndabwera ndi ndani. Ndinati ndi mkazi wanga, ali panja.

Poimika magalimoto panali podzaza. Ndinaliza, ndinaika pa R, ndinayang'ana kumbuyo monga ndachitira moyo wanga wonse. Dona anayamba kukwawa. Pagalasi panatulukira mayi wina, mwana kumbuyo, botolo la mankhwala m'manja. Ndinamuona bwinobwino. Mutu unati ponda. Phazi linamva mochedwa. Galimoto inaima bampala itakhudza kale nsalu yake. Mayiyo sanakuwe, anangogwira mutu wa mwana wake n'kundiyang'ana, kenako anapitirira.

Ndinabwezera Dona pamalo pake, P, kuzimitsa. Ndinatulutsa foni. Wachisamba anali momwemo m'chipatalamo, nyumba yachiwiri kuchokera pamene ndinali. Sindinamuimbire iye, ndinaimbira Mayi.

"Ndili poimika magalimoto kuchipatala," ndinatero. Makina awo osokera anasiya kulira. "Ndikubwera."

Anatenga nthawi, minibasi zake zomwezi. Anafika atavala diresi la kunyumba, tepi yoyezera idakali m'khosi, n'kuima pachitseko changa. Ndinatsika. Kuzungulira galimoto yaing'ono ngati imeneyi ndi ndodo, sindinadziwe kuti n'kutali chonchi. Anatulutsa zilembo zofiira za wophunzira m'chikwama, anamata kutsogolo ndi kumbuyo. Akuti lamulo limafuna kuti pambali pa wophunzira pakhale munthu wa laisensi. Ndiye ntchito yanga yatsopano imeneyo, kukhala.

Anakoka mpando, anakonza galasi, anandiuza kuti ndimange lamba. Amayendetsa pang'onopang'ono, chibwano chili pafupi ndi chiwongolero, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Ndinaona zolakwika zambiri. Ndinaluma lilime.

Pamaloboti aja anachedwa kunyamuka. Wa lole kumbuyo anayamba hutala, osalekeza. Ndinatsitsa windo, ndinatulutsa mutu, ndinamuuza kuti ndinayamba kuyendetsa lole iye asanamere mano, ngati akufulumira auluke, sakuona zilembozo? Anayankha zake, ndinabweza zanga.

Mayi, maso ali pamsewu: "Bambo, tsekani windo. Mukundisokoneza."

Ndinatseka.