Njere Zimene Amayi Anakazinga

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mawondo a amayi akuwalola kuyenda? Ine kuno ndili bwino, kungoti tsitsi layamba kuthawa pamphumi, ndipo mlandu wake uli kwanuko.

Phukusi lija linafika. Paja ndinapempha njere za zipatso zofiira zomera kudambo kuseri kwa nyumba, zija masamba ake amafanana ndi a jinja. Ndi pachibale ndithu ndi jinja. Kuno ku labotale ya sukulu tikufufuza ngati mafuta a m'njerezo angachepetse kutupa m'thupi. Zochepa zimene ndinabwera nazo ndekha zinapatsa chiyembekezo, mpaka aprofesa, munthu wosunga kumwetulira ngati suti ya ukwati, anaonetsako mano.

Tsono nditamasula phukusi, fungo linadzaza chipinda chonse. Njere zonyezimira, zofiirira bwino, kamchere kali mbuu. Achemwali, amayi anakazinga! Nditawaimbira foni anandiuza monyadira kuti sakanatumizira mwana wawo zinthu zaziwisi ngati kuti kwathu kulibe moto, ndipo anati nkhuni zake anachita kusankha. Ndinathokoza. Inu mukanatani?

Vuto ndi lakuti zimene tikufuna m'njerezo sizigwirizana ndi moto. Zina zimauluka, zina zimasintha. Ndinayesabe: ndinasinja, ndinaviika, ndinasefa, ndinaika m'makina. Zimene zinatuluka sizikanachepetsa ngakhale kutupa kwa munthu wolumidwa ndi udzudzu. Mnzanga wa tebulo loyandikana anandifunsa ngati ulendo wina zidzabwera ndi ndiwo zomwe.

Aprofesa sanaseke. Anati teremu ino ikatha ndilibe zooneka, tebulo langa apatsa wophunzira wina, ine ndisiye njere ndisankhe mutu watsopano. Ndinawayankha mwaulemu kuti mutu ndili nawo umodzi wokha. Sindisiya, achemwali. Zimene ndinaona poyamba zija ndinaziona ndi maso angawa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma alamu asayambe kulengeza pa golosale kuti mlamu wawo wapeza mankhwala. Sitinafikepo, mwinanso njira ndi yaitali. Amayi apitirize kumwa mapiritsi a kuchipatala.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi la changu chifukwa zipatsozo zikutha, ana ndi anyani sakuzipatsa mpata. Mukathyole nokha zakupsa. Muchotse njere, muziyanike pamphasa m'nyumba, osati padzuwa, osatinso pamalata. Zikauma muike m'botolo lotseka bwino, mupatse dalaivala wa basi yuja anabweretsa phukusili. Zonsezi muchitire kwanu. Njerezo zikangodutsa pakhomo pa amayi, chiwaya chidzazimva chokha.

Chonde musawauze kuti analakwitsa. Anakhala tsiku lonse pamoto ndi mawondo amenewo chifukwa cha ine. Akakufunsani, muwauze kuti njere zawo zinafika bwino ndipo labotale yonse inaziyamikira. Limenelo si bodza. Tinazidya ndi tiyi, aprofesa anatapa kawiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali, ndi adzukulu anga onse. Wamkuluyo mumuuze kuti amalume ake akumva zoti masamu akumuthamangitsa, aime alimbane nawo.

Tsalani bwino, ine maso ali ku basi.

Mlongo wanu,
Kamagalasi