Tabo Anamanga Ndani?

9 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu, koma kugalaja zinthu sizili bwino, ndipo pafoni ndimalephera kunena chifukwa bambo amakhala ali pompo.

Mukukumbukira mmene ankatikalipira potiphunzitsa kumanga tabo, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya injini kaja? "Ikhale pamwamba, pafupi ndi ekizozi, kutali ndi mapayipi a mabuleki! Oyilo akamaliza ntchito m'menemo azitsika yekha kubwerera mu injini. Oyilo sakwera mtunda!" Akangotembenuka inu munkawayeseza, ine n'kumafa ndi phwete.

Sabata yatha kunabwera munthu wina ndi pikapu yofooka pamtunda, akufuna timuikire tabo. Bambo anati aigwira okha. Ine ndinali pansi pa galimoto ina, sindinayang'ane. Ndikanayamba bwanji kuyendera ntchito ya munthu amene anandigwiritsa sipanala koyamba?

Bambo atailiza pikapuyo, mayo ine, utsi wake! Galaja yonse inachita mdima. Nditasuzumira m'boneti ndinaona pamene panalakwika. Tabo anaimanga pansi penipeni, kunsi kwa injini, payipi yobwezera oyilo italoza kumwamba. Oyilo anangodzaza m'tabomo n'kumapsera mu ekizozi. Mwini galimoto anapukusa mutu. "Madala, mwatha basi," anatero akutuluka.

Bambo anaima nthawi yaitali akupukuta manja oyera kale. Kenako anandicheukira.

"Ndi mbuli iti yamanga zimenezi?"

Nditawayang'ana ndinaona kuti akufunsa zenizeni.

"Ndi mchimwene wakoyo eti? Mwana ameneyu samva! Ndamuuza kangati?"

Ndinati, "Eya bambo, ndi iyeyo."

Pepani achimwene, ndakusenzetsani mlandu, inu amene munachoka pagalaja pano ana anu asanabadwe. Adokotala anatiuza kale kuti kuiwala kwa bamboku kuzingokula, koma ine ndinkadzinamiza kuti mutu ungaiwale, manja ayi. Amayi akuti ndiwalande bambo makiyi a galaja asanaphe munthu, poti lero ndi tabo, mawa adzakhala mabuleki. Akunena zoona, n'chifukwa chake zikundiwawa. Pano ndikulemba, makiyiwo ali m'thumba la ovolosi yanga. Mawa bambo adzawafunafuna, ndipo ndine amene adzandifunse. Ndikuopa, achimwene. Galaja ija akaisiya adzatsala ndi chiyani?

Tabo ija ndaikweza pamalo pake, utsi watha. Bambo ataiona anandigwira paphewa. "Waona? Umu ndi mmene ndimamangira ine. Ukamuonetse mchimwene wako."

Chopempha changa n'chimodzi. Mukaimba foni, muwapepese za taboyo. Musawatsutse chonde, angokukalipirani pang'ono, asangalala.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi akupereka moni wambiri. Bambonso akupereka moni, ndipo akuti mufulumire ndi gasiketi ya injini imene ati anakutumani m'mawa uja. Akana kudya, akhala pachitseko cha galaja kukudikirani.

Ndine mlongo wanu,
wotsala ndi makiyi.